Khobidi Lachibowo ndi Zipsera za Chidindo

Pa ndalama zonse zimene zinadutsapo m'manja mwa makolo athu, panalibe yonyozeka kuposa peni, imene ambiri timaitcha khobidi, ena kobiri. Makobidi 12 ndiwo ankakwana sheleni imodzi, ndipo kuti paundi ikwane pankafunika makobidi 240. Mpaka lero munthu akasauka timati alibe ndi khobidi lomwe, chonsecho khobidilo linaleka kugula kanthu zaka zoposa 50 zapitazo. Komabe ndalama yonyozekayi ndiyo imene osonkhanitsa ndalama zakale ambiri amayambira. Inasulidwa yochuluka, kwa zaka zambiri, ndi makina amene ankatopa, kung'aluka ndi kuphonya. Ndiyonso imapezekabe m'zitini za mabatani ndi pansi pa mabokosi a agogo, kaya ku Dedza, ku Katete, ku Angonia kapena ku Mbare.

Masiku ano mafoni adzaza ndi timavidiyo tonena kuti peni yakutiyakuti inagulidwa pa mtengo wa nyumba. Zotsatira zake n'zosachita kufunsa. Wina akwecha khobidi la agogo ndi phulusa kuti liwale, n'kuliwononga. Wina alipira ndalama zambiri pogula khobidi lophwanyika chifukwa wauzidwa kuti linalakwika ku fakitale. Wina agulitsa chitini chonse pa mtengo wa sopo osayang'ana n'komwe zimene zili m'katimo. Onsewa asokoneza zinthu zitatu zimene kwa munthu wongoyamba zimaoneka ngati chimodzi: mtundu wa khobidi, cholakwika cha posula, ndi chilema chimene khobidi linachipeza lili kale m'manja mwa anthu. Wofuna kulekanitsa zitatuzi ayenera kudziwa mmene khobidi linkapangidwira, amene ankalipanga, ndi zimene zinkachitika m'chaka chimene chalembedwapo.

Tiyambe ndi chidindo. Khobidi saliumba ngati mphika, ndipo salisema limodzilimodzi. Mkuwa amaupsinja mpaka ukhale ngati lata, n'kudulamo tizitsulo tozungulira topanda chilembo chilichonse. Kachitsulo kalikonse amakakweza mlomo m'mbali, kenaka kamagwera pakati pa zidindo ziwiri za chitsulo cholimba, china pansi china pamwamba, kali m'kati mwa mkombero woletsa kuti kasaphwasuke. Makina akamenya kamodzi, mbali zonse ziwiri zimadindika nthawi yomweyo. Pa chidindo chithunzi chimakhala cholowa m'kati ndiponso chotembenuka, motero chimene chili chokumbika pa chidindo chimatuluka chotukuka pa khobidi. Mfundo imeneyi muisunge, pakuti tidzaifuna kutsogoloku. Zidindo zogwirira ntchitozo nazonso amachita kuzidinda kuchokera ku chidindo chachikulu, chimene tingachitche mayi wa zidindo. Chidindo chimodzi chimamenya makobidi zikwizikwi chisanathe, ndipo chilichonse chimene chili pa icho, chokoma kapena choipa, chimabwerezedwa pa khobidi lililonse limene chakhudza.

Apa ndipo pagona kusiyana. Mtundu umachokera pa chidindo: chilembo chinasinthidwa, chithunzi chinakonzedwanso, kapena chaka chinalembedwa pamwamba pa chaka china. Choncho khobidi la mtundu uliwonse lili ndi abale ake ofanana nalo ndendende. Cholakwika cha posula chimagwera khobidi limodzi, pa kamphindi kamene makina akudula kapena kumenya, ndipo sichikhala ndi mapasa enieni. Chilema n'chimene chinadza pambuyo: nyundo, moto, dzimbiri, msomali. Osonkhanitsa amafuna ziwiri zoyambazo. Chachitatucho chimangotsitsa mtengo, ndipo ndicho chimapezeka koposa.

Peni ya ku Britain imene inafika kwathu kuno inayamba mu 1860, m'nthawi ya Mfumukazi Victoria. Mapeni akale anali a mkuwa wokhawokha ndipo anali olemera kwabasi. Ya mu 1797, imene inasulidwa ndi Matthew Boulton pa makina oyendera nthunzi, inkalemera magalamu 28. Yatsopanoyo inali ya mkuwa wosakaniza, magawo 95 a mkuwa, 4 a tini ndi limodzi la zinki, yolemera magalamu 9.4, ndipo kukula kwake sikunasinthe kwa zaka 110. Kumaso kwake kunali mutu wa mfumu, kumbuyo kwake mayi wovala chisoti chankhondo wotchedwa Britannia, atakhala m'mbali mwa nyanja, atagwira mkondo wa nsonga zitatu. Makolo athu, amene ankasinthanitsa katundu ndi nsalu, mikanda, mchere ndi makasu, sanaifune ndalamayi mwa okha. Inabwera ndi amishoni ndi amalonda, koma chimene chinaikhazikitsa ndi msonkho wa nyumba, umene m'dziko la Nyasaland cha m'ma 1890 unali masheleni atatu pachaka, ndiye kuti makobidi 36.

Peni ya ku Britain ndi sukulu yabwino yophunziriramo mitundu, chifukwa mitundu yake inafufuzidwa kwambiri. Choyamba kuyang'ana ndi tizilembo ta pafupi ndi chaka. Mapeni ambiri anasulidwa ku Royal Mint, ku London, ndipo alibe chizindikiro cha malo. Koma ntchito ikachuluka boma linkapereka ina kwa makampani a ku Birmingham. Fakitale ya Heaton inkaikapo kachilembo H: pansi pa chaka mu 1874, 1875, 1876, 1881 ndi 1882, ndipo kumanzere kwa chaka mu 1912, 1918 ndi 1919. Kampani ya King's Norton inaikapo KN mu 1918 ndi 1919, pamene nkhondo yoyamba ya dziko lonse inachulukitsa kufunika kwa ndalama zing'onozing'ono. Kachilemboko n'kakang'ono ngati kambewu ka mawere, ndipo pa khobidi lofufutika sikaoneka msanga. Musamve H n'kuyamba kuwerengera ng'ombe: mapeni a 1912 okhala ndi H anasulidwa oposa 16 miliyoni. A KN ndiwo osowerapo, makamaka a 1919. Ndipo chaka cha 1882 chimatembenuza nkhani yonse, pakuti pafupifupi mapeni onse a chaka chimenecho ali ndi H, ndiye wosowa kwambiri ndi wopanda H. Akathyali anazindikira zimenezi kalekale, nayamba kupala kachilemboko. Peni ya 1882 yopanda H imene pansi pa chaka pakuoneka posalala mwachilendo ndi yofunika kuikayikira.

Mitundu ina inabadwa chifukwa cha kusawononga. Chidindo chinali chodula, ndiye chaka chikatha chidakali chabwino, amisiri ankadinda nambala yatsopano pamwamba pa yakale. Pali mapeni a 1865 amene pansi pa 5 pakusuzumira 3 wa 1863. Ina inabadwa chifukwa chithunzi chinakonzedwa chaka chili pakati. Mu 1902, chaka choyamba cha mapeni a Edward VII, mzere wa nyanja kumbuyo kwa Britannia unali wotsika pa mapeni oyambirira, kenaka anaukweza. Otsikawo ndiwo ochepa.

Koma nkhani yophunzitsa kwambiri ndi ya George V. Mutu wake unasemedwa waukulu ndi wotukuka kwambiri, moti makina akamenya, mkuwa wambiri unkathamangira kukadzaza mutuwo, n'kusiya chithunzithunzi chake kumbuyo, mozungulira Britannia, ngati mzukwa. Wongoyamba akaona mzukwawo mtima umagunda, kuyesa wapeza chodabwitsa. Chonsecho uli pa mapeni mamiliyoni a pakati pa 1911 ndi 1926, ndipo suwonjezera kanthu pa mtengo. Chimene chili ndi mtengo ndi mankhwala ake. Mu 1926 osula ndalama anakonza mutuwo kuti usatukuke kwambiri, ndipo mapeni ochepa chabe a chaka chimenecho ndiwo ali ndi mutu wokonzedwawo. Amadziwika ndi zilembo za mmisiri amene anausema, Bertram Mackennal, zimene zili pamene pathera khosi: pa mutu wakale B ndi M ali ndi timadontho, pa wokonzedwa alibe ndipo asunthira kumanja. Mu 1928 mutuwo anauchepetsanso. Vutolo linali pa mamiliyoni ndipo ndi lachabe. Kuyesa kulithetsa ndiko kunabala khobidi losowa. Izi zimachitika kawirikawiri m'mbiri ya ndalama.

Peni ya 1933 sitingailumphe, chifukwa aliyense anaimvapo. Chaka chimenecho mabanki anali ndi mapeni okwanira, ndiye sipanasulidwe oti ayende pamsika. Anangosula 6 kapena 7, ena osunga m'nyumba zosungiramo zakale, ena okwirira pansi pa miyala ya maziko a nyumba zikuluzikulu. Imodzi inabedwa mu 1970 pansi pa tchalitchi cha St Cross ku Middleton, mumzinda wa Leeds. Munthu akakuonetsani peni ya 1933 ya ku Britain pamsika wa Lizulu kapena wa Soweto ku Lusaka, dziwani kuti nambala yomalizayo inachita kusulidwa ndi munthu kuchokera pa chaka china, kapena khobidi lonselo ndi lopeka. Osowa amene munthu wamba angathe kuwapezadi ndi a 1950 ndi 1951, amene anasulidwa 240,000 ndi 120,000 okha. Ochuluka zedi ndi a 1967: anaposa 650 miliyoni, chifukwa chaka chimenecho anapitiriza kuchidinda mpaka peniyo itatsala pang'ono kuthetsedwa mu 1971.

Tsopano tibwere kwathu, kumene nkhaniyi ili yathuyathu. Dziko la Southern Rhodesia linayamba kukhala ndi ndalama zakezake zasiliva mu 1932, ndipo mu 1934 linatulutsa peni ndi theka la peni zokhala ndi chibowo pakati. Ndalama zimenezi zinayenda ku Northern Rhodesia ndi ku Nyasaland komwe, pamodzi ndi za ku Britain, ndipo bungwe loyang'anira ndalama limene linakhazikitsidwa mu 1938 linkatumikira mayiko onse atatu. Khobidi lachibowo linali lotheka kulitunga pa chingwe, chinthu chothandiza kwa anthu ovala nsalu zopanda matumba, ndipo linali losavuta kulisiyanitsa ndi ndalama zasiliva ngakhale mumdima. Chibowocho chinabweretsanso chinthu china: panalibe malo oika mutu wa mfumu. Kumaso kwa khobidili kuli duwa lovala chisoti chachifumu, ndi dzina la mfumu mozungulira, basi.

Pa makobidi a Southern Rhodesia pali mitundu iwiri imene aliyense angaione popanda galasi, ndipo yonse iwiri ndi mbiri ya dziko lapansi yolembedwa pa kachitsulo. Oyambirira anali otuwa ngati siliva, chifukwa anali a mkuwa wosakaniza ndi nikelo. Nkhondo yachiwiri itakula, nikelo anafunika ku zida, ndipo mu 1942 khobidili linasanduka lofiirira. Chaka cha 1942 chili ndi mitundu yonse iwiri, lotuwa ndi lofiirira, ndipo wosonkhanitsa amafuna kukhala ndi onse awiri. Koma lotuwa lolembedwa 1945 muliyang'ane kawiri, pakuti kawirikawiri lotero limakhala loti munthu wina anachita kulikuta ndi chitsulo china. Kusintha kwachiwiri kuli m'mawu. Makobidi oyamba a George VI amamutcha KING EMPEROR, chifukwa analinso mfumu yaikulu ya India. India atalandira ufulu mu 1947, ulemu umenewo unachoka, ndipo kuyambira 1949 pangolembedwa KING GEORGE THE SIXTH. Mapeni a ku Britain nawonso anataya zilembo IND IMP m'chaka chomwecho cha 1949. Mwana wasukulu atayala makobidi awiri, la 1947 ndi la 1949, waona kuyamba kwa kutha kwa ufumu wa atsamunda ndi maso ake.

Popeza pano timakonda za zinenero, nditchuleko khobidi limene amuna opita ku Joni kudzera ku Wenela ankabwera nalo, peni ya ku South Africa yokhala ndi chombo cha matanga. Inayamba kusulidwa ku Pretoria mu 1923, ndipo dzina la dziko linalembedwa m'zinenero ziwiri. Pa oyambirira palembedwa ZUID-AFRIKA, m'Chidatchi. Chiafirikanzi chitavomerezedwa ndi boma mu 1925, kalembedweko kanatsatira pambuyo, ndipo cha mu 1931 Z uja anasanduka S. Chilembo chimodzi chokha, koma kumbuyo kwake kuli mkangano wonse wa chinenero chimene chinkanyozedwa kuti n'cha kukhitchini mpaka chinakwera pa ndalama. Ife amene timakangana za Chichewa ndi Chinyanja sitingalephere kuumva mkangano umenewo.

Khobidi limene ambiri a ife tikulikumbukira kapena tinaliona kwa agogo ndi la Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Chitaganyacho chinakhazikitsidwa mu 1953, anthu akuda a ku Nyasaland ndi Northern Rhodesia akukana, ndipo ndalama zake zinatuluka mu 1955. Pa peni pali njovu ziwiri zitaimirira ndi miyendo yakumbuyo, chibowo chili pakati pawo, chisoti chachifumu pamwamba. Pa theka la peni pali nyamalikiti, amene ena amati kadyansonga. Tiki anali ndi duwa, sheleni mphalapala, masheleni awiri nkhwazi itagwira nsomba. Peni ya njovu ili ndi zaka 1955, 1956, 1957, 1958, 1961, 1962 ndi 1963. Zimenezi n'zofunika kuziloweza, chifukwa ndi chida choyamba chodzitetezera: la 1959 kapena 1960 likapezeka, funso loyamba lisakhale la mtengo koma la amene anagwira nambalayo. Ndipo pali kanthu kena kochititsa kaso. Chitaganya chinatha pa 31 Disembala 1963, koma alipo matheka a peni ndi matiki olembedwa RHODESIA AND NYASALAND ndi chaka cha 1964, ndalama za dziko limene linali litafa kale. Sikuti osula anasokoneza chaka ayi. Anthu ankafunabe tindalama togulira mchere ndi machesi pamene maboma atsopano anali asanakonze zawo.

Khobidi la njovu linapitirizabe kuyenda ufulu utabwera. Ndalama zoyamba za Malawi ndi za Zambia za mu 1964 zinalibe peni. Zambia inatulutsa yake mu 1966, yachibowo ngati yakale ija, koma inangokhala zaka ziwiri, pakuti kwacha ndi ngwee zinalowa mu Januwale 1968. Malawi inasula peni yolembedwa 1967 ndi 1968, ndipo kwacha ndi tambala zinabwera mu 1971. Ku Rhodesia dola inalowa mu 1970. M'mayiko onsewa paundi imodzi inasanduka makwacha awiri kapena madola awiri, sheleni n'kukhala matambala, mangwee kapena masenti 10, koma peni, pokhala gawo limodzi mwa 12 la sheleni, inalibe malo m'kawerengedwe katsopanoko. Abale a ku Tete ndi ku Niassa, amene ndalama yawo inali eskudo, ankalidziwa khobidili kudzera m'misika ya m'malire ndi m'matumba a obwera kuchokera ku ntchito.

Makobidi achibowo a m'mayiko ena a Africa anasiya chitsanzo chokoma cha cholakwika china, chosakaniza zidindo. Edward VIII anatula pansi ufumu mu Disembala 1936 ndalama zokhala ndi mutu wake zisanatuluke. Koma makobidi achibowo sankasowa mutu, ndiye a ku British West Africa, East Africa, Fiji ndi New Guinea anatuluka ndi dzina lake. Patapita zaka 9, ku fakitale ya Heaton, chidindo chakale cha dzina la Edward chinaphatikizidwa ndi cha chaka cha 1945, n'kubala mapeni a ku West Africa a mfumu imene inachoka kale pampando. Khobidi lotere osonkhanitsa amalitcha nyulu, potengera nyama yobadwa kwa bulu ndi kavalo. Phunziro lake kwa wongoyamba ndi lakuti aziwerenga mbali zonse ziwiri n'kudzifunsa ngati dzina la mfumu likugwirizana ndi chaka.

Nanga zolakwika za pa makina zimaoneka bwanji? Apa ndi pamene mfundo ija ya chokumbika ndi chotukuka igwire ntchito. Chidindo chikang'aluka, mkuwa umalowa mumng'aluwo, ndipo pa khobidi pamatuluka kamzere kotukuka, kokhotakhota ngati mtsempha, kamene chala chimakamva. Chidindo chikabenthuka m'mphepete, pa khobidi pamakhala chotupa chosalala chimene chameza zilembo. Koma mzere wolowa m'kati, wowongoka, wokhala ndi mkuwa wounjikana m'mbali mwake ngati mzere wa m'munda, ndi ntchito ya mpeni kapena msomali. Mafuta a makina akadzaza chilembo cha pa chidindo, chilembocho chimatuluka chofooka kapena chimasoweratu, koma malowo amakhala osalala mofanana ndi pozungulira pake, opanda zokanda. Kachitsulo kakapanda kukhala bwino mumkombero, chithunzi chimadindika chopendekera mbali imodzi, mbali inayo n'kutsala kachigawo kopanda kanthu konga mwezi wongooneka kumene. Makina odula akaluma pamene analuma kale, khobidi limatuluka lobenthuka mozungulira bwino, ndipo kawirikawiri mlomo wa mbali yoyang'anizana ndi pobenthukapo umakhala wofooka. Lodulidwa ndi chisulo silikhala ndi chizindikiro chimenecho. Nthawi zina khobidi limakanirira pa chidindo n'kumenya linzake lobwera pambuyo, ndipo lachiwirilo limatuluka ndi chithunzi chimodzimodzi mbali zonse, kwinako chili cholowa m'kati ndi chotembenuka. Akathyali amayesa kutsanzira zimenezi popanikiza makobidi awiri ndi nyundo, koma lopanikizidwa limaphwasuka, ndipo chithunzi chake chenicheni chimaonekabe pansi pa chobwerekacho.

Pa khobidi lachibowo pali malo enanso olakwikira, ndiwo chibowo chenichenicho. Chingabooledwe pambali, kapena osabooledwa n'komwe. Zolakwika zimenezi n'zenizeni ndipo osonkhanitsa amazifuna. Koma pomweponso ndi pamene pali chinyengo chambiri ndi kudzinamiza kwambiri. Chibowo cha ku fakitale n'chozungulira bwino, chosalala m'kati, ndipo kukula kwake n'kofanana ndi kwa makobidi ena a mtundu womwewo. Chotambasuka ngati dzira chinadyedwa ndi chingwe kapena waya pa zaka zambiri. Chokula mopitirira, chokhala ndi mkombero wopsinjika mozungulira, ndi cha khobidi limene linagwira ntchito ya washala pokhomera malata. Lopanda chibowo muliyang'anitsitse pakati ngati sanatsekepo ndi mtovu kapena mkuwa wina, ndipo muliyeze pa sikelo ya magalamu pamodzi ndi linzake. Peni ya ku Britain kapena ya ku South Africa yokhala ndi chibowo ndiye n'chilema basi, popeza mapeni amenewo sanasulidwepo ndi chibowo. Wina analiboola kuti alivale m'khosi kapena amangirire mwana. Kwa osonkhanitsa latsika mtengo, ngakhale kuti kwa banja limene likudziwa amene analivala lingakhale lofunika kuposa onse a m'chitinimo.

Timavidiyo tija tambiri timanena za ndalama ya ku America, senti yokhala ndi mutu wa Abraham Lincoln, imene eni akewo amaitchanso peni. Nkhani zake n'zoona. Mu 1943 masenti anasulidwa ndi chitsulo chokutidwa ndi zinki pofuna kusunga mkuwa wa nkhondo, koma tizitsulo tochepa ta mkuwa totsalira tinadindidwa mwangozi, ndipo timeneto ndi todula zedi. Mu 1955 chidindo china chinalandira chithunzi kawiri kuchokera kwa mayi wa zidindo chitasuntha pang'ono, ndipo chaka ndi zilembo zinatuluka ziwiriziwiri, zooneka ndi maso. Zimenezi ndi za ku America, ndipo mitengo yake siigwira khobidi la njovu chifukwa choti nalonso ndi la 1955. Chimene tingatengeko ndi njira zoyesera. Senti ya 1943 yooneka yamkuwa ikakanirira ku maginito, ndi yachitsulo yongokutidwa. Ndipo kuwirikiza kwenikweni kwa pa chidindo kumakhala ndi zilembo ziwiri zotukuka mofanana, zolekana bwino kunsonga, pamene kuwirikiza kobwera chifukwa chidindo chinagwedera pomenya kumakhala kwafulati ngati kasitepe, ndipo n'kofala pa ndalama za dziko lililonse.

Zida zofunika n'zochepa: galasi lokulitsa zinthu, lokulitsa kakhumi ngati lingapezeke, sikelo yaing'ono, maginito, ndi kuwala kochokera pambali, monga kwa pawindo m'mawa, kumene kumaonetsa zotukuka ndi zolowa. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Khobidi muligwire m'mbali, osati pankhope. Mulitembenuze ngati tsamba la buku n'kuona ngati kumbuyo kwaima chilili mofanana ndi makobidi anzake. Kukapendekeka kwambiri ndiye kuti chidindo chinazungulira. Ndipo musalitsuke. Mtundu wakuda wofiirira umene mkuwa umavala pa zaka 70 ndiwo khungu lake, ndipo ogula odziwa amaufuna. Phulusa, mchenga, ndimu ndi polishi zimachotsa khungulo pamodzi ndi tizizindikiro tating'ono timene tikanasonyeza mtundu, ndipo lokwechedwa silibwereranso. Dothi lokha mungalichotse ndi madzi oyera n'kuumitsa bwino ndi kansalu kofewa. Lokhala ndi dzimbiri lobiriwira, lofumbutuka ngati ufa, mulipatule kwa anzake, ndipo onse muwasunge pouma, lililonse m'kapepala kake kolembedwa chaka ndi kumene linachokera.

Tinene mosabisa kuti makobidi ambiri a njovu amene ali m'nyumba zathu ndi otsika mtengo. Anasulidwa mamiliyoni ndipo anayenda mpaka kufufutika. Koma pali ntchito imene ikudikira. Mapeni a ku Britain ali ndi mabuku akuluakulu ofotokoza chidindo ndi chidindo, monga la C. Wilson Peck la mu 1960 ndi la Michael Freeman la mu 1970, ndipo mabukuwo analembedwa ndi anthu amene anayala makobidi zikwizikwi patebulo n'kumawafanizira. Makobidi a Chitaganya, a Zambia ndi a Malawi sanalandire chidwi chofika pamenepo, chonsecho ambiri a iwo ali m'manja mwathu, omwazikana kuyambira ku Chipata mpaka ku Bulawayo. Amene muli ndi makobidi khumi a 1962, ayaleni pamodzi pa nsalu yoyera. Onani kutalikirana kwa manambala a chaka, malo a chibowo pakati pa njovu ziwirizo, ndi timizere totukuka pafupi ndi zilembo. Mukapeza mng'alu pa limodzi, ujambuleni pamodzi ndi chaka chake. Mng'alu womwewo ukapezekanso pamalo omwewo pa khobidi la mnzathu wa ku Petauke kapena ku Ntcheu, tidzadziwa kuti awiriwo anamenyedwa ndi chidindo chimodzi, ndipo la mng'alu wautali ndilo linamenyedwa pambuyo.